Wokana Ntchito ndi Wosowa Ntchito: Kuwerenganso 2 Atesalonika 3

Pa 2 Atesalonika 3:10 Paulo akulamula kuti munthu wosafuna kugwira ntchito asadyenso. Vesili ambiri tinaliloweza tili ana. Koma nthawi zina timaligenda kwa munthu wolakwika, monga mnyamata amene wamaliza digiri, wazungulira ndi makalata m'maofesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre mpaka nsapato kutha, koma sakuitanidwa. Tisanalitchulenso, tione kaye anthu amene Paulo ankawalembera.

Mpingo wa ku Tesalonika unkayembekezera kubweranso kwa Yesu, monga ifenso. Chaputala 2 chikutiuza kuti ena anasokonezeka ndi mphekesera yakuti tsiku la Ambuye lafika kale, ndipo chaputala 3 chikutionetsa abale amene anasiya ntchito zawo n'kumadya thukuta la anzawo. Zikuoneka kuti ziwirizi zinali zolumikizana: kulimiranji munda ngati dziko likutha mawa? Vesi 11 likuwonjezera kuti anthuwa ankatanganidwa ndi nkhani za eni. Manja akapuma, pakamwa ndi pamene pamagwira ntchito.

Ife a Adventisti tisawaseke, chifukwa matendawa anatigwirapo. Pamene tsiku la 22 Okotobala 1844 linkayandikira, ena mwa otsatira William Miller ku America anasiya mbewu zawo m'munda osakolola. Yesu atapanda kubwera tsikulo, panabuka kagulu ku Maine kamene kankaphunzitsa kuti kugwira ntchito ndi tchimo. Ellen Harmon, amene pambuyo pake anadziwika kuti Ellen G. White, anali mtsikana wosakwana zaka 20, koma anatsutsa poyera chiphunzitso chimenechi.

Lamulo limene timadziwika nalo lomwelo limatitsutsa tikachita ulesi. Pa Eksodo 20:8-11 Mulungu akutipatsa tsiku limodzi lopumula, komanso akutilamula kugwira ntchito masiku 6. Ambiri timasamala kwambiri za kulowa kwa dzuwa Lachisanu, koma za masiku enawo sitidzifunsa. Ndipo ntchito si chilango cha uchimo. Adamu anapatsidwa munda woti alime ndi kusunga pa Genesis 2:15, asanachimwe. Chimene uchimo unabweretsa ndi minga ndi kutopa.

Paulo mwini anali munthu wophunzira, wosulidwa ndi Gamaliyeli, koma ku Korinto tikumupeza akusoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila (Machitidwe 18:3). Kwa Agiriki olemera ntchito ya manja inali yonyozeka, yoyenera akapolo. Iye anali ndi ufulu wodyetsedwa ndi mpingo, monga akunenera pa vesi 9, koma ku Tesalonika anagwira ntchito usana ndi usiku kuti asalemetse munthu. Apa ndi pamene phunziroli likutilasa ife ophunzira. Ambiri mwa ife ntchito timaiona ngati ntchito pokhapokha ikhale ya tayi ndi kompyuta. Dimba la tomato, nkhuku za nyama, kuphunzitsa ana masamu madzulo, kukonza mafoni, zonsezi timati n'zochepa pa sukulu yathu. Ndiye timakhala pakhomo zaka ziwiri, mayunitsi n'kumapempha kwa mayi amene amagulitsa mandasi. Akuluakulu anati khasu liposa mako ndi tate, ndipo digiri siinafafanize mwambiwu.

Komabe Paulo akudzudzula wosafuna, osati wosapeza. Kusiyana kumeneku Yesu anakuonetsa m'fanizo la antchito a m'munda wa mpesa pa Mateyu 20. Mwini munda anapeza anthu ataima pamsika dzuwa litapendeka, nawafunsa chifukwa chake akungokhala. Anayankha kuti palibe amene wawalemba. Sanawalalikire za ulesi. Anawatuma kumunda, ndipo madzulo anawalipira za tsiku lathunthu. Lamulo la khunkha pa Levitiko 19:9-10 likuyenda njira yomweyo: mwini munda asiye m'mphepete mosakolola, wosauka abwere adzatole yekha. Rute anadya za thukuta lake, koma thukutalo likanapita pachabe Boazi akanasesa munda wonse. Choncho mkulu wa mpingo amene ali ndi sitolo, galaja kapena munda wogonera, asanatchule 2 Atesalonika kwa achinyamata a mumpingo mwake, ayambe wadzifunsa ngati wasiya m'mphepete.

Mawu akuti kudzidalira nawonso tiwasamale. Dziko limawamva ngati kufika posafunanso munthu aliyense. Aefeso 4:28 akupereka cholinga china: munthu agwire ntchito ndi manja ake kuti akhale ndi kanthu kogawira wosowa. Paulo anauza akulu a ku Efeso kuti manja ake anasamalira iye mwini ndi anzake amene ankayenda nawo (Machitidwe 20:34).

Nanga m'bale amene wakanadi ntchito, mwayi ulipo? Mavesi 14 ndi 15 akuti mpingo umuzindikire, usayanjane naye ngati kuti zonse zili bwino, kuti achite manyazi. Koma usamutenge ngati mdani. Achenjezedwe ngati m'bale, ndipo womuchenjezayo akhale munthu amene wayamba wapita kunyumba kwake n'kumva ngati vuto ndi ulesi, matenda, kapena mtima umene unasweka ndi makalata osayankhidwa.