Mphunzitsi Wosawerenga Adzagawa Chiyani?

Ambirife tinalekera kuwerenga nkhani zopeka tsiku lomwe tinamaliza mayeso a Fomu 4. Koma posachedwapa tidzaima kutsogolo kwa kalasi n'kumauza ana kuti azikonda mabuku. Mwana wina akadzafunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiyambire buku liti?" tidzayankha chiyani?

Ena mumpingo amakayikira nkhani zopeka, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka, chifukwa si buku lililonse lomwe limamanga munthu. Komabe tikumbuke kuti mneneri Natani anatsutsa Mfumu Davide pomusimbira nkhani ya kamwana ka nkhosa (2 Samueli 12). Nkhani yabwino imatiwonetsa mtima wathu. Chofunika ndi kusankha.

Tiyambire pati?

Nthondo, la Samuel Josiah Ntara, linatuluka mu 1933. Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Bukuli likutsata moyo wa mnyamata wopulupudza kuyambira ubwana mpaka kusinthika kwake, ndipo Chichewa chake n'chokoma.

Smouldering Charcoal, la Tiyambe Zeleza (1992), likukumanitsa Mchere, wogwira ntchito kophika buledi, ndi Chola, mtolankhani, m'dziko lomwe kuyankhula zoona kumatsekeretsa munthu m'ndende.

The River Between, la Ngugi wa Thiong'o wa ku Kenya (1965), ndi lathu ndithu ife ophunzira zauphunzitsi. Waiyaki ndi mphunzitsi yemwe akuyesa kugwirizanitsa anthu ake ogawikana pa chipembedzo ndi miyambo, pokhulupirira kuti sukulu ndiyo yankho.

Tikamaliza amenewa, tifunefune mabuku a Willie Zingani, Jolly Max Ntaba ndi John Gwengwe.

Nanga ndalama?

Apa m'pamene ambiri timagwera ulesi. Koma ife a kuno ku Lizulu kunenerera timakudziwa. Sitigula mulu wa mbatata kapena kabichi pa mtengo woyamba, ndipo zovala za kaunjika timazitembenuza kaye tisanalipire. Luso lomweli ligwire ntchito pa mabuku.

Choyamba, tiyambire pakhomo. Tifunse achimwene, achemwali ndi aphunzitsi opuma ntchito. Mabuku ambiri angogona m'makatoni, chiswe chikudya.

Chachiwiri, tikapita ku Lilongwe kapena ku Blantyre pa holide, tiime kwa mavenda oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu. Kawirikawiri buku la nkhani limatsika mtengo kusiyana ndi lomwe lili pa silabasi, chifukwa olifuna ndi ochepa.

Chachitatu, tiliyang'ane bwino. Tione ngati masamba oyamba ndi otsiriza alipo, ngati silinanyowepo, komanso ngati silofotokopa. Likakhala ndi chidindo cha laibulale ya sukulu, tilisiye, chifukwa mwina ndi lobedwa ndipo ana ena akulisowa.

Chachinayi, tisonkherane. Anthu asanu aliyense akagula buku limodzi n'kumabwerekana, aliyense wawerenga mabuku asanu pa mtengo wa limodzi. Tilembe m'kope dzina la wobwereka ndi tsiku lobweza, kuti ubwenzi usathere pa buku.

Zokambirana m'magulu

1. Ndi buku liti lomwe tinawerenga komaliza popanda wotikakamiza?
2. Tingadziwe bwanji kuti nkhani ikutimanga kapena ikutiwononga?
3. Ndani pakati pathu asunge kope la obwereka teremu ino?