Kuchoka ku London Kukafika ku Paris

Kalata iyi yachokera kwa mayi ena a ku Ntcheu. Akuti mwana wawo amene amakhala ku London wagula tikiti ya ndege yopitira ku Paris. Anawauza kuti ulendowo ndi wa ola limodzi ndi mphindi zochepa, koma tikiti ikusonyeza kunyamuka 9 koloko m'mawa, kukatera 11:15. Mayiwa akuda nkhawa kuti mwina mwana wawo wapusitsidwa.

Mayi a ku Ntcheu, mtima m'malo, palibe chinyengo apa. Mizinda iwiriyi yatalikirana makilomita pafupifupi 340, kuposa pang'ono mtunda wa pamsewu wochoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre. Ndege imatengadi ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 15. Chasokoneza ndi wotchi: nthawi ya ku France ili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo tikiti imalemba nthawi ya kumene ndege ikutera. Pobwerera mudzadabwanso, chifukwa zidzaoneka ngati wayenda mphindi 15 zokha.

Tsono inu nonse amene mukumvetsera, ola limenelo lisakunamizeni. Mabwalo a ndege monga Heathrow ndi Charles de Gaulle ali kunja kwa mzinda, ndipo munthu amafika msanga kukadikira kusechedwa. Ine ndikanasankha sitima ya Eurostar, yodutsa m'phanga la pansi pa nyanja limene linatsegulidwa mu 1994. Imachoka pa St Pancras n'kukaima pa Gare du Nord, m'kati mwenimweni mwa Paris, m'maola awiri ndi mphindi pafupifupi 20.

China chofunika, mayi: ngati mwanayo akuyendera pasipoti ya Malawi, viza ya ku Britain siimulowetsa ku France. Ayambe wapeza viza ya Schengen.