Khansa Ikalowa M'nyumba ya Mkhristu: Mafunso ndi Mayankho a ku Phalombe

Anthu a pa Phalombe Boma amalidziwa tsoka lobwera ndi mkokomo. Akuluakulu sanaiwale Napolo wa mu Marichi 1991, amene anagubuduza miyala kuchokera m'phiri la Michesi, ndipo ngakhale ana akukumbukira namondwe wa Freddy wa mu 2023. Khansa sibwera choncho. Imalowa pakhomo mwakachetechete. Pamapita miyezi mayi akuchapa nsalu zake mobisa, kapena bambo akumeza nsima movutikira osauza munthu. Matendawo akadziwika, mafunso oyamba amapita kwa abusa, kwa bambo mfumu kapena kwa mayi wa Mvano wa nyumba yoyandikana. Kabuku kano kasonkhanitsa ena mwa mafunso amenewo.

Kodi khansa n'chiyani kwenikweni?

Thupi la munthu linamangidwa ndi maselo, tinthu ting'onoting'ono timene timabadwa, kugwira ntchito yake, kenako n'kufa kuti tina tilowe m'malo. Khansa imayamba maselo ena akayamba kuchulukana osaleka. Amapanga chotupa kapena chilonda chosapola, ndipo akasiyidwa amafalikira ku ziwalo zina. Munthu sangatenge khansa podyera mbale imodzi ndi wodwala, pomupatsa moni wa m'manja, kapena pokhala naye benchi limodzi m'tchalitchi.

M'Malawi muno, imene ikutha amayi kwambiri ndi ya khomo la chiberekero. Chaka ndi chaka amayi oposa 4,000 amapezeka nayo ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira, moti dziko lino lili m'gulu la maiko amene vutoli lakula koposa padziko lonse. Gwero lake ndi kachilombo ka HPV, kofala pogonana, kamene kamatha kukhala m'thupi zaka zambiri kasanayambitse matenda. Bungwe la WHO limati mayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chochuluka ka 6 poyerekeza ndi amene alibe. Zina zofala ndi khansa ya kummero, ya m'mawere, ya Kaposi yomwe imaoneka ndi zigamba zakuda pakhungu ndi kutupa miyendo, komanso ya Burkitt imene imatupitsa nsagwada kapena mimba ya mwana.

Munthu wopemphera akadwala khansa, kodi ndi chilango cha Mulungu? Kapena wachita kulodzedwa?

Funsoli ndi lakale. Pa Yohane 9 ophunzira a Yesu anaona munthu wobadwa wosaona, ndipo anafuna kudziwa amene anachimwa pakati pa iye ndi makolo ake. Yesu anakana zonse ziwiri. Anzake a Yobu nawo anakhala masiku akufufuza tchimo lobisika mwa mnzawo, koma pomaliza amene Mulungu anawadzudzula ndi iwowo.

Amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero ndiwo amapwetekedwa kwambiri ndi malirime. Anthu akangomva kuti kachilomboko kamafala pogonana, amayamba kunong'ona kuti mayiyo anali woyendayenda. Uku n'kusadziwa. HPV ndi yofala kwambiri moti anthu ambiri akuluakulu amaitengapo nthawi ina pa moyo wawo, ndipo mwa ambiri imatha yokha. Mayi amene wadziwa mwamuna mmodzi yekha moyo wake wonse akhoza kudwala.

Za ufiti nazo zimadya nthawi imene wodwala alibe. Banja limagulitsa nandolo ndi mbuzi kuti lilipire maula, azakhali okalamba amalozedwa chala, abale amasiya kulankhulana, chotupa chikungokula.

Kodi kupita kuchipatala si chizindikiro chakuti chikhulupiriro chachepa?

Ayi, ndipo pamenepa ndi pamene akhristu ambiri atayira moyo womwe ukanapulumuka. Mfumu Hezekiya atadwala mpaka pafupi kufa, anapemphera akulira ndipo Mulungu anamuwonjezera zaka 15. Koma nkhani yomweyo, pa 2 Mafumu 20, imanenanso kuti mneneri Yesaya analamula kuti aike nkhuyu pachithupsa cha mfumuyo. Pemphero ndi mankhwala zinagwira ntchito m'chipinda chimodzi. Luka, amene analemba umodzi mwa Mauthenga Abwino, anali dokotala, ndipo Paulo ankayenda naye osamuuza kuti ataye ntchito yakeyo.

Mbiri ya dera lino ikuchitira umboni zomwezo. Chipatala cha Holy Family ndi cha mpingo wa Katolika. Mulanje Mission ndi cha CCAP ya Sinodi ya Blantyre. Malamulo, ku Thyolo, ndi cha Seventh-day Adventist. Amene anamanga zipatala zimenezi anali anthu opemphera, ndipo kumangako kunali mbali ya kupemphera kwawo. Ngakhale Denis Burkitt, dokotala amene anafotokoza khansa ya ana ija mu 1958 akugwira ntchito ku Uganda, anali mkhristu wodzipereka. Lero ana ambiri odwala khansa imeneyi amachira ndi mankhwala ngati afika msanga.

Nanga mneneri akapempherera wodwala n'kulengeza kuti wachira, asiye mankhwala?

Asasiye. Mulungu amatha kuchiritsa, ndipo mkhristu sakayika zimenezo. Koma Yesu atachiritsa akhate ankawatumiza kukadzionetsa kwa ansembe, amene masiku amenewo ndiwo ankapima khate n'kutsimikiza kuti latha. Wodwala amene akumva kuti wachira abwerere kwa adokotala akamupime. Machiritso enieni saopa kupimidwa.

Mtumiki amene amauza wodwala kuti ataye ma ARV, adumphe tsiku la kemo (mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa), kapena agule botolo la madzi kapena mafuta odzozedwa ndi ndalama imene anasungira ulendo wa ku Blantyre, akusewera ndi moyo wa munthu, ndipo mpingo uyenera kumuuza zimenezo mosabisa. Pa kusala kudyanso pafunika nzeru. Thupi lolandira kemo limafuna phala, mazira, nyemba, masamba ndi madzi ambiri. Ngati mpingo ukufuna kusala chifukwa cha wodwala, asale amene ali bwino.

Kuchokera pa Boma, munthu ayambire pati?

Ayambire pafupi: pa chipatala chaching'ono cha pa Boma, ku Holy Family, kapena ku chipatala chachikulu cha boma ku Migowi, chotchedwa John Chilembwe. Zizindikiro zosayenera kudikira nazo ndi izi: kutaya magazi nthawi yosakhala ya kumwezi, pambuyo pokhalira limodzi ndi bambo, kapena mayi atasiya kale kusamba, chikazi chonunkha chosamva mankhwala, kam'bulu m'bere, chakudya kukakamira pakhosi, chilonda chosapola, kuwonda popanda chifukwa.

Koma pa khansa ya khomo la chiberekero, kudikira zizindikiro n'kuchedwa kale. Unduna wa Zaumoyo umalimbikitsa amayi a zaka 25 mpaka 49 kukayezetsa akadali bwinobwino. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo malo amene ayamba kusintha amaoneka oyera. Kupimako kumatenga mphindi zochepa. Malo oterowo akapezeka, amawawotcha ndi kachipangizo kotentha kapena kozizira kwambiri, nthawi zambiri tsiku lomwelo, khansa isanayambe. Kuyambira mu 2019 boma likuperekanso katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9. Mphekesera yakuti katemerayu amatseka chiberekero ndi yabodza.

Khansa ikakhala kuti yayamba kale, wodwala amatumizidwa ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko madokotala a boma, pamodzi ndi bungwe la MSF lomwe lakhala likuthandiza pa khansa ya amayi kuyambira mu 2018, amachita maopaleshoni ndi kupereka kemo. Kwa zaka zambiri, ofunika kuwotchedwa chotupa ndi makina a radiotherapy ankayenera kupita kunja, ku India, Kenya, Tanzania kapena Zambia, ndipo amene ankafikako ndi ochepa. Makina oyamba anayamba kugwira ntchito mu 2024 pa chipatala cholipira ku Blantyre, ndipo mu 2025 chipatala cha boma cha khansa chinatsegulidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Kemo saperekedwa kamodzi. Wodwala amabwerera pakapita masabata angapo, maulendo angapo, ndipo mankhwalawo amafooketsa, amachititsa nseru, ena amathothola tsitsi. Tsitsi limameranso. Chimene chimalepheretsa ambiri a kuno kumaliza ndi ndalama ya kabaza ndi minibasi ya anthu awiri, wodwala ndi womudikirira.

Adokotala akanena kuti khansa yafalikira ndipo siingachotsedwe, chatsala n'chiyani?

Chatsala n'chambiri. Mawu akuti "palibenso chimene tingachite" sayenera kutuluka pakamwa pa namwino kapena pa m'busa. Pali chisamaliro chochepetsa ululu ndi masautso, ndipo chinakula m'manja mwa akhristu. Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa wodwala sukhala m'thupi mokha. Umakhalanso m'maganizo, m'banja ndi mu mzimu, ndipo zonsezi zimafuna kusamalidwa pamodzi. Dokotala Anne Merriman anafika ndi ntchitoyi ku Uganda mu 1993, n'kufalitsa mofini wamadzi, mankhwala othetsa ululu otsika mtengo, amene wodwala amamwera kunyumba. Kuno kwathu namwino Lucy Finch anatsegula Ndi Moyo ku Salima mu 2007, ndipo ku Gulupu kuli gawo la Tiyanjane lothandiza odwala oterewa. Zipatala za m'maboma ndi zambiri za mishoni nazo zili ndi anamwino ophunzitsidwa ntchito imeneyi.

Mabanja ena amaopa mofini. Amati ndi mankhwala omalizitsa munthu, kapena kuti kumwa n'kuthawa mtanda. Mofini womwedwa pa mlingo ndi pa nthawi imene achipatala anena safupikitsa moyo. Amalola wodwala kugona, kudya, kucheza ndi ana ake, ndiponso kupemphera, chinthu chimene munthu wobuula usiku wonse amachilephera. Amadzimbitsa, choncho achipatala amapereka ndi mankhwala ofewetsa m'mimba. Fungo la chilonda, lomwe limachititsa wodwala manyazi mpaka kukana alendo, nalonso lili ndi mankhwala. Anamwino amaphunzitsa abale kutsuka bala ndi madzi a mchere ndi kuwazapo mapiritsi a Flagyl operedwa.

Akatolika akumbukire kuti Sakramenti la Kudzoza Odwala si la munthu amene watsala maola okha. Aliyense wodwala kwambiri, kapena amene akukachitidwa opaleshoni yaikulu, angathe kuitana ansembe. Yakobo 5 imalangiza akhristu onse kuitana akulu a mpingo pa matenda.

Kodi n'kuchimwa kuchita mantha kapena kudandaula kwa Mulungu?

Si kuchimwa. Masalimo ambiri ndi kulira kwa anthu ofunsa Mulungu chifukwa chimene wachedwera. Yesu ku Getsemane anapempha kuti chikho chimupitirire, ndipo Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchotsedwe, koma sunachotsedwe. Wodwala amene wauzidwa kuti mkhristu salira amangolirira kukhoma anthu atapita.

Amayi ambiri amadzipeza m'nkhani ya pa Maliko 5, ya mayi amene anataya magazi zaka 12. Chuma chake chinathera pofuna thandizo, ndipo mwambo unkamutenga ngati wodetsedwa. Yesu sananyansidwe atakhudzidwa naye. Anaima pakati pa chikhamu, namufunafuna, namutcha mwana wake. Mphamvu imene odwala amaichitira umboni nthawi zambiri ndi yotere: kudziwa kuti Mulungu sakuwanyansidwa, kupeza mtima wodzukanso m'mamawa kukakwera minibasi ya ku Blantyre, kukhululukira m'bale, kugona usiku opanda mantha a mawa.

Kodi wodwala auzidwe zoona za matenda ake?

Abale amakonda kubisa, poopa kuti akamva ataya mtima. Amakumana kuseri kwa nyumba ndi mwinimbumba, n'kugwirizana kuti amuuze kuti ndi zilonda za m'mimba. Koma mwini thupi amadziwa kuti zinthu sizili bwino, ndipo kubisako kumangomusiya yekhayekha. Auzidwe mofatsa, pang'onopang'ono, monga mmene iye akufunira kumva, pali munthu amene amamukhulupirira. Akadziwa amatha kunena amene adzalere ana, za munda, za ngongole, ndi amene akufuna kuyanjana naye.

Kuno ambiri amakwatira chikamwini, ndipo zimachitika kuti mkazi akadwala nthawi yaitali mwamuna amanyamula chikwama n'kubwerera kwawo. Ankhoswe ndi akulu a mpingo asayang'ane kumbali. Bambo amene analumbira pamaso pa mpingo akumbutsidwe lumbiro lake, ndipo aphunzitsidwe kusambitsa ndi kudyetsa mkazi wake popanda manyazi.

Mpingo ungachitepo chiyani?

Kuzonda odwala mipingo ya kuno imakudziwa. Amayi a Mvano, a Dorika ndi a m'miphakati amafika ndi ufa, nkhuni ndi nyimbo. Vuto ndi lakuti khansa ndi matenda aatali. Sabata yoyamba pakhomo pamadzaza, pofika mwezi wachitatu pamatsala mwana wamkazi amene wasiya sukulu kuti azichapa ndi kutunga madzi. Ndi bwino kugawana masiku kuti anthu awiri azifika mosadumphitsa, kusiyana ndi gulu lalikulu lofika kamodzi. Ofikawo asatalikitse ulaliki. Atunge madzi, achape, ampatse mpata wodikirira matenda kuti agone, ndipo wodwala akafuna kulankhula amumvere.

Mipingo imasonkha msanga pa maliro: bokosi, ufa, ndiwo, galimoto. Gawo la ndalama zotero likanasonkhedwa munthu akadali moyo, ambiri akanamaliza maulendo awo a kemo. Thumba la mayendedwe a odwala lingathe kuyamba ndi mbale imodzi pa mwezi. Tsiku la 11 Febuluwale, limene Papa Yohane Paulo II anakhazikitsa mu 1992 kuti likhale lokumbukira odwala, ndi nthawi yabwino yoliyambira, ndipo mpingo uliwonse ungathe kusankha tsiku lake.

Abusa, ansembe ndi atsogoleri a amayi, muli ndi guwa limene anthu amalimvera kuposa chikwangwani cha kuchipatala. Itanani namwino adzalankhule mapemphero akatha. Lengezani tsiku loyezetsa monga mmene mumalengezera ukwati, ndipo amayi abusa ndi amayi a pampando akhale oyamba pamzere. Makolo, mwana wanu wamkazi akafika zaka 9, funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu za katemera wa HPV, ndipo mumulole abayidwe.