Musanadule Nsalu, Yambani Mwadula Pepala

Inu achinyamata amene mwayamba kugwira sizasi ndi tepi, mwina mwaonapo pa foni zithunzi za zovala za m'magazini osoka a ku Japan n'kumezera mate. Madiresi ake amaoneka osavuta. Sathina, alibe zokongoletsa zambiri, ena alibe ndi zipi yomwe. Ndiye mtima umati, "Ichi ndiye ndimaliza dzuwa lisanalowe." Dekhani kaye. Aliyense amene wasokapo kuchokera m'magazini amenewa akuuzani kuti kupalasa makina ndi gawo laling'ono chabe. Ntchito yaikulu imachitika pa pepala, nsalu ikadali chipindire.

Magazini odziwika ndi monga Cotton Friend ndi Lady Boutique a kampani ya Boutique-sha, komanso Mrs. Style Book ya Bunka. Amatsata nyengo. Kumeneko chisanu chikatha, kuyambira Marichi mpaka Meyi, mitengo imaphukira, m'mawa kumazizirabe koma masana kumafunda. N'chifukwa chake magazini a nyengoyi amadzaza ndi zovala zosanjikiza: bulauzi ya mikono yofika pa kasukusuku, diresi lomasuka lovalira pamwamba pa buluku, kajekete kopepuka kovula dzuwa likakwera. Sukulu kumeneko zimatsegulira mu Epulo, choncho mumapezekanso timatumba ta mabuku ndi ta nsapato timene makolo amasokera ana oyamba sukulu. Timatumbato musatinyoze. Amene sanathe kusoka msoko wowongoka pa kathumba asathamangire kolala. Ndipo musamangike ndi kalendala yawo: kwa amene muli ku Malawi kapena ku Zambia, zovala zimenezi zimagwira bwino mu Meyi ndi mu Ogasiti, pamene m'mawa umadzuka ukunjenjemera koma pofika masana thukuta lili kamukamu.

Luso limeneli linakulira mu umphawi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, nsalu inasowa ku Japan, ndipo amayi ankasomola makimono awo akale kuti asoke masiketi ndi madiresi. Mu 1946 Shizuko Ohashi ndi Yasuji Hanamori anatulutsa Style Book, yophunzitsa kudula nsalu mowongoka kuti pasatayike kanthu, popeza nsalu ya kimono ndi yopapatiza, siifika n'komwe masentimita 40. Awiriwa ndi amene anayambitsanso magazini ya Kurashi no Techo mu 1948. Mpaka lero magazini osoka a kumeneko amakuonetsa pa chithunzi m'mene ungayalire zidutswa pa nsalu, n'kukuuza kuchuluka kwa nsalu yoti ugule malinga ndi m'lifupi mwake. Amenewo ndi anthu odziwa mtengo wa mita imodzi, monga momwe inu mukuudziwira.

Tsono tsegulani kumapeto kwa magazini. Mupezako chipepala chachikulu chopindapinda, chosindikizidwa mbali zonse ziwiri. Mukachifunyulula pa tebulo mutu umazungulira: mizere yapiringizana, mkono wa bulauzi wadutsa pakati pa siketi, kolala yabisala m'kati mwa mwendo wa buluku, ndipo chidutswa chilichonse chili ndi mizere ingapo ya masaizi osiyana. Lamulo loyamba ndi ili: chipepala chimenechi sachidula. Mukadula chidutswa chimodzi mwapha zovala zina zonse, za kutsogolo ndi za kuseri komwe. Pezani nambala kapena chilembo cha chovala chanu, mulondole mzere wake ndi chala kuzungulira mpaka mubwerere pomwe munayambira, kenako muudinde ndi cholembera cha mtundu wowala kuti usakusokonekereni. Mukatero yalani pepala loonekera pamwamba, mulipsinje ndi zinthu zolemera, mukopere ndi pensulo yosongoka ndi rula. Ngati pepala loonekera lavuta, lophikira makeke lija limagwira ntchito. Koperani zonse: muvi wosonyeza komwe ulusi wa nsalu ukulowera, timizere tolumikizira mkono ndi thupi, malo a thumba, malo a mabatani. Pa chidutswa chilichonse lembanipo dzina lake ndi saizi. Mawa simudzakumbukira.

Lamulo lachiwiri ndi limene lagwetsa ambiri. Mzere mwakoperawo ndi wodutsa singano, si wodutsa sizasi. Mapatani ambiri a ku Japan sasiya malo a msoko, mumawonjezera nokha. Yang'anani pa chithunzi cha kayalidwe ka nsalu chija, muona timanambala m'mphepete mwa zidutswa. Kawirikawiri pamene sanalembepo kanthu ndi sentimita 1, kumpendero amalemba 2 kapena 3, ndipo pamene alemba 0 musawonjezerepo. Mbali yogona pa mpindo wa nsalu siwonjezeredwa chilichonse. Mukaiwala zimenezi, bulauzi yokhala ndi misoko iwiri ya m'mbali imachepa ndi masentimita 4 kuzungulira chifuwa, mikono imakana kulowa, ndipo nsalu yodulidwa siimeranso. Jambulani malo a msokowo pa pepala pomwepo musanalidule, osati kuyerekeza ndi maso pa nsalu.

Chachitatu, musakhulupirire chilembo cha saizi. M wa ku Japan si M wa pa kaunjika. Saizi 9 ya kumeneko, imene imatengedwa ngati yapakati, ndi ya mzimayi wotalika masentimita 158, wa chifuwa cha masentimita 83. Ambiri mwa ife tili ndi chifuwa, mahipi ndi mikono zoposa pamenepo. Dziyezeni, kapena muyezeni amene mukumusokerayo, tepi isathine komanso isalendewere, mulembe m'kope. Kenako yezani patani yeniyeniyo kuti muone mpata umene yasiya. Zovala zawo zambiri ndi zomasuka, choncho pachifuwa zikhoza kukukwanani, koma m'mapewa ndi kunkhwapa ndi kumene zimagwira. Ngati mufuna kutalikitsa, dulani pepalalo pakati, mulitalikitse poikapo lina; musangowonjezera kumunsi, mungasokoneze kagwedwe ka chovala. Ndipo musanakhudze nsalu yodula mtengo, sokani choyeserera pa shiti yakale. Simuika mabatani, simupinda mpendero. Mungolumikiza, muvale, mukweze manja, mukhale pampando. Chimene chakana pa shiti chikanakananso pa nsalu ya ndalama zanu.

Nsalu nayo ili ndi mawu ake. Zovala za nyengoyi anazikonzera nsalu zofewa: linen, thonje lopepuka, ndi ija amati double gauze, yokhala ndi timagawo tiwiri topyapyala tolukidwa pamodzi, imene Naomi Ito anaitchukitsa ndi nsalu zake za nani IRO. Nsalu zotere zikakhwinyatidwa m'chiuno zimagwa bwino. Chitenje chatsopano, chikadali ndi sitachi yake, chimaima ngati ambulera. Sindikuti musachigwiritse ntchito. M'lifupi mwake chimayandikira masentimita 110 amene mapatani ambiriwa amawerengera. Koma sankhani sitayilo yokhala ndi makwinya ochepa, ndipo muonetsetse komwe maluwa akuluakulu agwere, kuti duwa lisadulidwe pakati pamimba kapena mbalame kuima chadodolido kumsana. Osoka a ku Japan sadula nsalu ya thonje kapena linen asanainyike m'madzi, kuiyanika pamthunzi ndi kuisita kuti ulusi wake uwongoke. Chitani chimodzimodzi. Nsalu imene ifuna kufupika ifupike isanakhale diresi, ndipo yochucha ionekeretu mu beseni.

Za chinenero musade nazo nkhawa. Malangizo ake ali m'zithunzi, sitepe ndi sitepe, ndipo manambala ndi omwewa timawadziwa, m'masentimita. Zizindikiro zofunika ndi zochepa: kutsogolo, kumbuyo, mkono, kolala, mpindo, kunja ndi m'kati mwa nsalu. Zijambuleni patsamba loyamba la kope lanu, mudzaziona zikubwerezedwa m'magazini iliyonse. Foni ikhoza kukumasulirani poloza kamera, koma imaphonya mawu a ntchito ya utelala. Ikasemphana ndi chithunzi, tsatirani chithunzi. Ndipo tsatirani ndondomeko monga yalembedwera. Akati sitani msoko musanapitirire, sitani. Simbi ikhale yotentha pambali pa makina kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifukwa chimene chimasiyanitsa chovala chooneka cha m'sitolo ndi chosokedwa mothamanga nthawi zambiri ndi kusita kumeneku. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukazolowera kukopera, musakhazikike pamenepo. Mu Mrs. Style Book ndi Lady Boutique muli zovala zambiri zimene patani yake si yokopera ayi: amangokupatsa kachithunzi kakang'ono kodzaza manambala, kuti ujambule wekha kuchokera pa patani ya maziko yoyezedwa pa thupi lako. Njira ziwiri zodziwika ndi ya Bunka Fashion College ya ku Tokyo, sukulu yokhazikitsidwa mu 1923 komwe anaphunzira Kenzo Takada ndi Yohji Yamamoto, ndi ya Doreme, yochokera ku sukulu imene Yoshiko Sugino anatsegula mu 1926. Pa njira ya Bunka, patani ya maziko imajambulidwa kuchokera pa muyezo wa chifuwa, wa chiuno ndi kutalika kwa msana. Ikakukhalani bwino, imateni pa katoni yolimba muisunge. Kuchokera pa imeneyo mukhoza kusuntha dati, kusintha khosi, kutambasula siketi, osadikira kuti wina akusindikizireni. Apa ndi pamene pali chuma chenicheni cha magazini amenewa. Kumbukiraninso kuti ambiri amalemba kuti mapatani awo ndi osokera zovala za pakhomo, osati zogulitsa. Ngati cholinga chanu ndi kutsegula shopu, lemekezani thukuta la eni ake: phunziranipo njira, koma zogulitsa zikhale zojambula zanu.

Musaunjike magazini. Imodzi, ngakhale yakale yothothoka chikuto, ikukwanirani chaka chathunthu, pakuti bulauzi yosokedwa bwino siitha fasho msanga. Sankhanimo chovala chimodzi chosavuta, muchisoke, muchivale, muone pomwe chikukoka, mukonze pa pepala, muchisokenso. Chachiwiricho chidzakuphunzitsani zoposa masitayilo khumi osiyidwa panjira. Pezani rula, pensulo ndi kope lero, ana anga, ndipo sizasi isakhudze nsalu mpaka pepala litavomera.