Phunziro 24: Abraham Lincoln, mwana wa mlimi

Tiwerenge

Abraham Lincoln anabadwa m'caka ca 1809 ku Kentucky, m'dziko la Amerika. Bambo ake anali mlimi wosauka. Nyumba yawo inali ya mitengo, ya cipinda cimodzi.

Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 9. Bambo ake anakwatira mkazi wina, dzina lake Sarah. Mayi Sarah anamukonda ngati mwana wawo. Anamulimbikitsa kuwerenga.

Nchito za kumunda zinali zambiri. Masiku onse amene Abraham anapita kusukulu sanakwane caka cimodzi. Koma ankabwereka mabuku kwa anthu, n'kumawerenga yekha.

Atakula, anakakhala m'mudzi wa New Salem, m'cigawo ca Illinois. Mu 1832 anapempha anthu kuti amusankhe kukhala phungu wa m'cigawoco. Anagonja. Koma mwa anthu 300 amene anaponya voti kwawo, 277 anasankha iye. Ankamudziwa kuti ndi wokhulupirika.

Mu 1834 anayesanso, ndipo anapambana. Anamusankha kanayi. Anakhala phungu mpaka 1842. Aphungu a cipani cake, ca Whig, anamuika kukhala mtsogoleri wawo.

Masiku amenewo, anthu akuda ambiri ku Amerika anali akapolo. Ankagulitsidwa ngati ng'ombe. Mu 1837 Lincoln ndi phungu mnzake mmodzi analemba kalata. Anati ukapolo si cilungamo. Anali awiri okha, koma sanaope.

Mu 1861 Lincoln anakhala pulezidenti wa Amerika. Dziko linalowa m'nkhondo. Mu 1863 analamula kuti akapolo a m'zigawo zogalukira boma amasuke. Mu 1865 munthu wina anamuombera ndi mfuti, ndipo anamwalira. Caka comweco lamulo linathetsa ukapolo m'dziko lonse.

Mawu atsopano

Phungu: munthu wosankhidwa kukapanga malamulo. M'Cipwitikizi amati deputado.
Cipani: gulu la ndale.
Kapolo: munthu wogulidwa, wogwira nchito popanda malipiro.

Mafunso

1. Ndani analimbikitsa Abraham kuwerenga?
2. Atagonja mu 1832, anacita ciyani?
3. Anati ciyani za ukapolo?

Nchito ya kunyumba

Jambula nyumba ya Abraham. Pansi pake lemba mawu akuti phungu. Fotokozera makolo ako nkhaniyi. Afunse kuti: munthu woyenera kumusankha amakhala wotani?