Tikabici ta ku Ulaya ndi Tathu ta pa Citsa

Alimi anzanga a kwa Mwase, kuli ndiwo ina ya mtundu wa kabici imene Azungu amaicha Brussels sprouts, dzina locokera ku mzinda wa Brussels m'dziko la Belgium. Mbeu imeneyi sikulunga mutu umodzi waukuru iai. Imakula tsinde lalitali, ndipo paphata pa tsamba liri lonse pamaphuka kamutu kolimba, kukula kwace ngati suku.

Ku England amaidya kwambiri pa Khrisimasi. Kale ana ambiri anali kuikana cifukwa ca kuwawa, koma m'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku Holland anapeza cimene cimaiwawitsa, nasankha mbeu zosawawa kwambiri, ndipo oikonda anacuruka.

Kodi nafenso tiibzale? Ine nditi iai. Ifuna nyengo yozizira ya miyezi 5 kapena 6, pamene cisanu ca kuno ku Kasungu cikhwima mu June ndi July basi. Kukatentha timitu timamasuka, ndipo nsabwe za m'masamba zimamangamo mudzi. Ayese anzathu a m'mapiri a Dedza. Ife tisatayirepo ndalama za fodya.

Komatu tikabici totere tiri nato m'madimba mwathu, kungoti timatitaya. Pokolola kabici musazule citsa. Dulani mutu wokha ndi mpeni wakuthwa, siyani masamba a pansi, thirani manyowa pang'ono ndi kupitiriza kuthirira. Pakapita masabata owerengeka citsaco ciphuka timitu tambiri. Siyani 3 kapena 4, tinato thyolani, kuti totsalato tikule bwino. Iyi ndi ndiwo yosagula mbeu, ndipo ifika pa nthawi imene ndiwo zisowa pa mudzi, inu muli kalikiliki ndi nazale za fodya. Mankhwala a fodya musapopere pa ndiwo, ngakhale mutaona mbozi. Mukatha kukolola zulani zitsa zonse, tizirombo tingasamukire pa mbeu zatsopano.

Tsono mau kwa amai. Tikabici ta ku Ulaya ndi tathu tomwe mdani wace ndi mmodzi, ndiye kuphikitsa. Kabici akakhalitsa pa moto amanunkha ndi kulowa madzi, ndipo vitamini C, imene ithandiza nkhama ndi kupoletsa zironda, imaonongeka. Soda ndi cidulo zimaononganso vitamini yomweyo. Cekani timitu pakati, tiikeni m'madzi pang'ono owira kale, bvundikirani mphindi 6 kapena 7. Pamenepo kazingirani anyezi ndi matimati, kapena tendererani nsinjiro, ndipo phulani tikadali tobiriwira.