PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MAGANIZO A SIR STANLEY MATTHEWS PA ZA MPIRA NDI MOYO

M'midzi yambiri muli anyamata odziwa mpira amene anthu amawatama pabwalo la sukulu. Koma pakapita zaka zowerengeka mnyamata uja samvekanso. Wina mowa wamufooketsa, wina anachotsedwa m'timu chifukwa cha ndewu. Phunziro lino likunena za munthu amene anasewera mpira wapamwamba kufikira ali ndi zaka 50, ndiponso za zimene iye anakhulupirira kuti ndizo zinamusunga.

Chiyambi chawo

Bambo Stanley Matthews anabadwa pa 1 February 1915 ku Hanley, mumzinda wa Stoke-on-Trent, m'dziko la England. Atate awo, a Jack Matthews, anali wometa tsitsi ndiponso wankhonya, ndipo ndiwo anazoloweza mwanayo kudzuka m'mamawa kukalimbitsa thupi. Ali ndi zaka 15 analembedwa ntchito yotumikira mu ofesi ya timu ya Stoke City, nalandira paundi imodzi pa mlungu. Mu 1932 anayamba kusewera m'timu yaikulu. Mu 1947 anapita ku Blackpool, ndipo mu 1961 anabwereranso ku Stoke City. Timu ya dziko la England anaisewera maulendo 54.

Malo awo anali kutsogolo kumbali ya dzanja lamanja, pamene osewera amapatcha nambala 7. Iwo ankafika ndi mpira pang'onopang'ono kwa wotchinga kumbuyo, napendekera kumanzere ngati apita kumeneko, kenaka nkutulukira kumanja mwaliwiro. Adani onse ankadziwa kuti achita zimenezi, koma kuwagwira kunali kosatheka.

1. Mpira umayambira kunyumba

Bambo Matthews anakhulupirira kuti luso lokha silisunga munthu. Pa moyo wawo sankamwa mowa kapena kusuta fodya. Ankasamala zakudya, ndipo Lolemba lililonse ankasala kudya kuti thupi lipepuke. Ali ku Blackpool ankadzuka kusanache kukathamanga pamchenga m'mbali mwa nyanja, kaya kukuzizira kaya kukugwa mvula. Popita kubwalo nthawi zina ankavala nsapato zolemetsedwa ndi mtovu, kuti akavala nsapato za mpira miyendo imveke yopepuka.

Zipatso zake zinaoneka. Mu 1956, ali ndi zaka 41, anakhala munthu woyamba kulandira mphotho ya Ballon d'Or, ya wosewera woposa onse ku Ulaya. Mu 1963, ali ndi zaka 48, anathandiza Stoke City kukwera kuchokera m'gawo lachiwiri kulowa m'gawo loyamba. Masewera awo otsiriza a ligi anali pa 6 February 1965, patapita masiku 5 chikwanitsire zaka 50. Chaka chomwecho analandira ulemu wa "Sir" kwa Mfumukazi Elizabeth. Chodabwitsa ndi chakuti pambuyo pake iwo ankanena kuti anafulumira kupuma!

2. Kuugwira mtima

Masiku amenewo otchinga kumbuyo anali ankhanza, ndipo munthu wochenjera ndi mpira ankapondedwa kawirikawiri. Makadi achikasu ndi ofiira kunalibe, pakuti anayamba mu 1970. Wosewera akalakwa kwambiri, woimbira mpira ankalemba dzina lake m'kabuku, kapena kumutulutsa m'bwalo. Bambo Matthews anasewera masewera a ligi pafupifupi 700, koma dzina lawo silinalembedwepo m'kabuku kameneko ngakhale tsiku limodzi, ndipo sanatulutsidwepo.

Akagwetsedwa ankadzuka, nadikira kuti mpira ubwerenso. Kubwezera kwawo kunali kumudutsanso munthu yemweyo ndi mpira. Pano pali nzeru: wosewera wokwiya amayang'ana mwendo wa mnzake, naiwala kumene kuli mpira, ndipo timu yonse imavutika chifukwa cha mtima wa munthu mmodzi.

3. Ulemu upite kwa mwini wake

Atate awo asanamwalire mu 1945, anawapempha zinthu ziwiri: kusamala amayi awo, ndi kupambana chikho cha FA Cup. Blackpool inafika m'masewera otsiriza a chikhochi mu 1948 ndi mu 1951, koma inagonja konseko. Anthu anayamba kunena kuti mkuluyo wakalamba, mendulo sadzaiona.

Pa 2 May 1953 Blackpool inakumana ndi Bolton Wanderers pabwalo la Wembley ku London, pamaso pa anthu 100,000. Bambo Matthews anali ndi zaka 38. Chigawo chachiwiri chili mkati, Bolton inali patsogolo ndi zigoli 3 kwa 1. Pamenepo iwo anayamba kusautsa adani kumbali yawo, naponya mpira umene Stan Mortensen anagoletsa. Mortensen anagoletsanso china, zigoli nkufanana. Nthawi itatsala pang'ono kutha, Bambo Matthews anadutsa wotchinga, napatsira Bill Perry, mnyamata wobadwira ku Johannesburg, amene anagoletsa chachinayi. Blackpool inapambana 4 kwa 3.

Anthu anatcha masewerawo dzina la Matthews, ndipo amatero mpaka lero. Koma eni ake sanakondwere nazo. Iwo ankanena kuti ulemuwo unayenera Mortensen, amene anagoletsa zigoli zitatu tsikulo. Anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga.

4. Katswiri asaleke kuphunzira

Mu 1950 anapita ku Brazil ndi timu ya England ku mpikisano wa dziko lonse. Kumeneko anaona kuti osewera a ku South America avala nsapato zopepuka, pamene Angerezi ankavala zolemera. Atabwerera kwawo anakapangitsa zotero. Mu 1953 analinso m'timu imene Hungary inaigonjetsa 6 kwa 3 pa Wembley pomwepo. M'buku la moyo wawo, lotchedwa The Way It Was, anadzudzula akuluakulu a mpira a kwawo chifukwa chokakamira zakale ndi kupeputsa mpira wa maiko ena.

5. Chimene munthu walandira agawireko ana

Si zonse zimene zinawayendera bwino. Atapuma anayang'anira timu ya Port Vale kuyambira 1965 mpaka 1968, koma ntchitoyo inatha ndi mavuto. Mtima wawo unapeza mpumulo pophunzitsa anyamata, makamaka mu Africa. Kale mu 1957 anali atasewerako timu ya Hearts of Oak ku Accra, m'dziko la Ghana, kumene anawalonga ufumu wa mpira. Ku South Africa ankaphunzitsa ana a ku Soweto pa nthawi ya malamulo a tsankho, ndipo mu 1975 anatenga timu ya anyamata akuda, yotchedwa Stan's Men, napita nayo ku Brazil. Anamwalira pa 23 February 2000 ali ndi zaka 85.

Mau kwa aphunzitsi ndi makolo

Palibe chimodzi mwa zinthu zisanuzi chofuna ndalama. Mwana wosewera mpira wachikulunga wopanda nsapato angathe kudzuka m'mawa, kukana mowa, kuugwira mtima ndi kuyamika mnzake. Mphunzitsi amene alekerera wosewera wandewu chifukwa chakuti amagoletsa, akuononga mwanayo pamodzi ndi timu. Kuongola mtengo mpoyamba.

Mafunso okambirana m'kalasi

(a) Tchulani zinthu zitatu zimene Bambo Matthews ankachita posamala thupi lawo.
(b) Chifukwa ninji sanafune kuti masewera a 1953 atchedwe dzina lawo?
(c) Mnzanu akakupondani dala m'bwalo, muyenera kutani kuti timu yanu isaluze?